Malikisi Amene Ndinapatsa Chidodo

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Mwazimva kokwanira kwa mayi anu, amene amazikamba bwino kuposa ine mwini wake. Ndiyambira pamene ndinayamba kutchedwa wantchito. M'sutikesi yanga yakuda muli pepala limodzi la Chingerezi lokhala ndi nambala ziwiri za pensulo, ina yokhwatchidwa. Tsiku lina mudzalipeza, ndiye kuli bwino mumve kwa ine kuti ndi la chiyani.

1989 mpaka 2013, Balaka

Ntchito yanga yoyamba inali yauphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Balaka. Ndinkaphunzitsa sitandade sikisi, koma anthu a kumeneko sandikumbukira chifukwa cha masamu ayi. Amandikumbukira ngati Saidi goloboyi. Zaka khumi ndi zitatu ndinaima pagolo pa timu ya aphunzitsi, ndipo ndinali ndi matenda amodzi, kudumpha. Mpira woti munthu n'kuugwira ataima, ine ndinkauulukira, kugwa m'fumbi, kudzuka anthu akukuwa. Ahedi athu ankati ndimang'amba malaya pofuna kusangalatsa amayi ogulitsa zitumbuwa. Sankanama kwenikweni, mayi anu ndinawapeza pomwepo. Ndatchula matendawa chifukwa ndinapita nawo mpaka ku Doha.

2013, pageti ku West Bay

Choko ndinachisiya ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Mchemwali wanga Mariamu, azakhali anu, anali atakhala kale ku Qatar zaka zitatu akugwira ntchito ya m'nyumba ku Fereej Al Murra, ndipo ndi amene anandiuza kuti kampani ina ikufuna alonda odziwa Chingerezi. Ndinapita. Kwa zaka zinayi ndinaima pakhomo la nyumba ina yaitali ya magalasi okhaokha ku West Bay, kulemba mayina a olowa, kuwapatsa makhadi, kuwalozera kumene kuli lifiti. Munthu amene ana makumi asanu ndi atatu ankamuimirira akalowa m'kalasi, tsopano ndi amene ndinkaimirira anthu osandiona n'komwe. Walira mvula walira matope, sindinadandaule. Chimene muyenera kudziwa ndi lamulo la nthawi imeneyo. Chiphaso chokhalira m'dzikomo chinkamangidwa pa dzina la bwana wako. Ukafuna kusintha ntchito pankafunika kalata yake yokumasula, imene tonse tinkaitchula kuti NOC. Akakana kulemba, khalasi, nkhani yatha. Akakuchotsa ntchito, chotsatira chinali ndege.

Mwa anthu olowa pakhomo paja munali bambo wina wamtali, wotsimphina, wochokera ku zilumba za ku Caribbean, dzina lake a Leandro. Ankafika m'mamawa anzawo onse asanabwere, ndipo ndi okhawo amene ankayankha moni. Tsiku lina anandipeza ndikuonera mapenate pa foni ya mlonda mnzanga. Wosewera asanamenye mpira ndinati goloboyi uyu wagonja kale. Unalowadi. A Leandro anaima n'kundifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinati mapazi, bwana, waponda ndi chidendene, sangachoke msanga. Apo anati akufuna munthu woyang'ana mapazi, poti dziko lonse limayang'ana mpira. Ndinayesa akuseleula. Mawa lake anabwera ndi fomu. Kuti kampani ya alonda ilembe NOC ija panapita miyezi isanu ndi iwiri, a Leandro akukwera ndi kutsika m'maofesi ndi mwendo wawo uja, uku akuuzidwa kuti bwerani mawa, inshallah. Musaiwale zimenezi mukamawerenga zotsatirazi.

2017, nsanjika ya khumi ndi chinayi

Kampani yatsopano inali m'nyumba yomweyo, moti anzanga a pageti ankandimenyera sawatcha mondiseka ndikamadutsa nditavala tayi. Ntchito yake inali kudula ndi kusanthula mafilimu a masewero n'kutumizira matimu a kunja. Zipinda zambiri zinali za mpira wa miyendo. Chathu, chaching'ono ndi chopanda windo, chinali cha besibo, masewero amene kufikira tsiku limenelo ndinali ndisanawaonepo. Timu ina yaikulu ya ku America inatilemba ganyu chifukwa cha dzuwa. Iwo akamagona ife tili maso, ndiye akadzuka ankapeza malipoti ali kale patebulo. Iwe Twaibu nditakuuza pa foni unaseka mpaka kutsokomola, unati bambo amene sadziwa kugwira chibonga akuweruza azungu.

Besibo ndi yotere. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kukamenya ndi chibonga. Kutali, kumapeto kwa bwalo, kuli udzu waukulu umene ine ndinkautcha dambo, ndipo m'dambomo mumaima anthu atatu. Mpira ukakwera m'mwamba, ntchito yawo ndi kuuwakha usanagwe pansi. Akauwakha, womenya uja watuluka. Timu yaikulu iliyonse ili ndi matimu ake aang'ono, ngati nazale ya fodya, kumene imasunga anyamata amene ikuyembekeza kuti tsiku lina adzawokeredwa kumunda. Ambiri sawokeredwa. Ife ntchito yathu inali kuyang'ana anyamata akudambo a m'nazalemo ndi kuwapatsa malikisi, kuyambira 20 mpaka 80. Wapakati ndi 50. Wa 60 ndi munthu woti timu imugwiritse. Wa 40 ndi woti akapanda kumenya bwino ayambe kuganiza za ntchito ina. Kamenyedwe ndi mphamvu ya mkono ankaziona a Leandro. Ine anandipatsa kawakhidwe.

A Leandro nawonso anali wakudambo pa unyamata wawo. Anakhala m'nazale zaka zisanu ndi chimodzi, bondo litawonongeka anawabweza kwawo ndi kalata ya mizere itatu. Nkhaniyi ankaikamba mosadandaula, ngati akunena za nyengo. Miyezi yoyamba sanandilole kulemba kanthu. Ankaimitsa filimu chibonga chikangogunda mpira, n'kundiuza kuti ndiloze ndi chala pamene mpirawo ukagwere. Ndikalakwa ankangoti yala, mawu a Chiarabu oti tiyeni, tibwereze. Ndinabwereza mpaka maso kuwawa, bambo wa zaka makumi asanu kubwerera ku sitandade wani. Pang'ono ndi pang'ono chala chinayamba kugwera pamalo pake. Tsiku limene anandipatsa fomu yoyamba ndinaitenga ngati satifiketi.

Anali bwana wosakalipa, koma anali ndi lamulo limodzi limene sankaseka nalo. Masewero aliwonse ankabwera ndi mafilimu awiri. Kamera yoyamba imatsata mpira, ndiye wakudambo umamuona kumapeto kokha, akuwakha. Yachiwiri ndi yomangirira pamwamba pa bwalo, siyenda, anthu amaoneka ngati nyerere, koma imaonetsa chimene munthu wachita mpira ukangochoka pa chibonga. Ankati wakudambo amayezedwa pa phazi loyamba, zotsala zonse ndi zokongoletsa. Pansi pa lipoti lililonse panali kabokosi koti uchonge, kutsimikiza kuti makamera onse awiri wawaona, kenaka usaine.

"Bambo Saidi," anandiuza tsiku loyamba, "kamera yoyambayi ndi ya anthu ogula matikiti. Ifeyo yathu ndi ya nyerere."

Lamuloli ndinalisunga zaka zitatu osaphonya. Koma ndinene zoona, kamera ya nyerere inkanditopetsa, ndipo mnyamata akauluka pa kamera inayo mtima wanga wa goloboyi unkauluka naye. Kupereka malikisi sikunkandivuta. Ndinali nditachonga mayeso a ana a eni zaka makumi awiri ndi zinayi. Kusiyana kwake kunali kwakuti ku Balaka mwana ukamupatsa ziro, mawa lake umamuona nkhope, mwinanso mayi ake amakupeza kumsika. Awa sindinkawaona, ndipo iwo sankadziwa kuti ndilipo.

Malichi 2020, Al Nasr

Mliri wa korona utafika ofesi inatsekedwa, sitima ya mumzinda inaima, mizikiti inakhomedwa. Anatipatsa malaputopu kuti tizigwirira ntchito kumene tikugona. Ine ndinkagona ku Al Nasr, m'fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa shopu yochapa zovala, amuna asanu ndi mmodzi a mayiko anayi. Kale tinkasemphana, wina akulowa wina akutuluka, moti ena sindinkawadziwa bwino mayina. Tsopano tonse tinali pakhomo tsiku lonse, kupondana mapazi pokaphika. Tebulo linali limodzi, ine ndinkagwirira ntchito pabedi, laputopu pa katoni. Intaneti nayo inali imodzi ya tonse, ndipo aliyense akamaimbira mkazi wake pa vidiyo inkayenda ngati ngolo ya abulu.

Ku America nako masewero a m'nazale anaima. Kunalibe chatsopano choti tione. Kampani inayamba kuchepetsa anthu. Awiri a m'chipinda cha mpira wa miyendo anauzidwa kuti khalasi, ndipo poti ndege kunalibe anangokhala m'zipinda zawo kudikira, ntchito alibe, NOC alibe, ulendo palibe. Iwe Hawa unali chaka chachiwiri ku sukulu ya unamwino. Aliyense mu kampani ankadziwa kuti chipinda cha besibo chili ndi anthu awiri pomwe masewero ake kulibe, ndipo pa awiriwo zinali zodziwikiratu kuti woyamba kupita si a Leandro. Ndinkachita mantha, ngakhale pa foni ndinkakuuzani kuti zonse zili bwino.

Juni 2020

Kumayambiriro kwa Juni a Leandro anandiimbira. Timu ija nayo inali kuchepetsa anyamata ake. Inatitumizira mafilimu a chaka chapitacho a akudambo asanu ndi anayi a timu yake yapansi penipeni, imene ife tinali tisanaionepo, ndipo inafuna malikisi msanga. Asanu ndi awiri a Leandro anawaweruza okha pa kamenyedwe, atatu otsala, anayi opita. Panatsala anyamata awiri ndi malo amodzi. Pa kamenyedwe anati awiriwa ndi mapasa, palibe woposa mnzake. Choncho nkhani inatsalira kawakhidwe, kutanthauza ine.

Ndinali ndi chizolowezi chowapatsa mayina anga kuti ndisawasokoneze. Woyamba ndinamutcha Kadziwotche. Koma ndiye ankauluka mnyamata ameneyo! Kudziponya chafufumimba, kutsetsereka pa udzu, chipewa kugwera uko, dzanja m'mwamba mpira uli momwemo, anthu onse kuimirira. Ndikamamuonera ndinkamva fungo la fumbi la ku Balaka. Wachiwiri ndinamutcha Chidodo. Kamera ikamupeza inkamupeza ataima, kapena akuthamanga monyinyirika ngati munthu wotumidwa kumsika dzuwa likuswa mtengo. Mpira unkangogwera m'dzanja lake. Masewero akatha yunifolomu yake inkakhala yoyera ngati sanasewere. Pa masewero makumi atatu sindinamuone atagwa ngakhale kamodzi.

Zonsezi ndinkaziona pa kamera yoyamba. Mafayilo a kamera ya nyerere ndi olemera. Ndinawasiya akudawuniloda Lamulungu, pofika Lachitatu anali asanafike ndi theka lomwe. Ndinapempha anzanga a m'fulati kuti azimitse mafoni kwa maola ochepa. Mmodzi anandiyankha kuti mayi ake ali m'chipatala kwawo, kodi azimitse chifukwa cha mpira? Tsiku lomaliza lotumizira malikisi linali Lachinayi. Ndikanatha kuimbira a Leandro n'kunena kuti bwana zakanika, tipempheni masiku ena. Koma nthawi imene akuchotsa anthu, ndani afuna kukhala munthu wa zakanika? Ndinadziuzanso kuti zaka zitatu ndi zambiri, diso langa lakhwima, nyerere zindiuza chiyani chimene sindikuchidziwa. Ndinatenga mafomu a pepala, mnyamata aliyense yake, poti ndinkayamba ndalemba ndi pensulo ndisanataipe. Kadziwotche 60. Chidodo 40, ndi mawu akuti alibe changu, mipira imene amawakha ndi yosavuta. Kenaka ndinachonga kabokosi kaja n'kusaina. Ndinatumiza, n'kukaphika tiyi.

Laputopu inapitiriza ntchito yake mwakachetechete. Patapita sabata, Lachisanu masana, nthawi imene tikanakhala tili ku mzikiti, inalira kuti mafayilo afika. Ndinawatsegula chifukwa chosowa chochita basi. Ndinayamba ndi Kadziwotche. Mpira ukachoka pa chibonga, phazi lake loyamba linkapita kutsogolo pomwe mpira ukupita kumbuyo. Kenaka n'kutembenuka, kuuthamangitsa, kuuluka. Kuuluka konse kuja kunali kwa munthu wochedwa. Mipira ina yambiri inkagwa kumbuyo kwake, imene pa kamera yoyamba inkaoneka ngati yoti palibe angaifikire. Ndinatsegula Chidodo. Woponya asanaponye n'komwe, kanyerere kaja kankasuntha mapazi atatu kumanzere kapena kumanja, kataona mmene womenya waimira. Chibonga chikangogunda iye anali atanyamuka kale, mzere woongoka, osayang'ana m'mwamba, kufika pamalo, kutembenuka, kudikira. Pamene kamera yoyamba inkamupeza, ntchito inali itatha kalekale. Mipira imene ndinaitcha yosavuta, woifewetsa anali iyeyo. Ndinaonera masewero khumi, kenaka onse makumi atatu. Pa zaka zitatu zonse ndinali ndisanaone phazi loyamba ngati limenelo. Sanali wa 40. Anali wa 60, mwinanso kuposa. Ndinachita manyazi ngati munthu wogwidwa m'munda mwa eni.

Madzulo ake ndinaimbira azakhali anu. Iwo anali asanatuluke pageti la abwana awo chiyambire Malichi, ndipo foni ankailandirira kuchipinda chochapira kuti asamveke. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa ngati mnyamatayo ndi Mmalawi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati amandidziwa. Ndinati sadziwa n'komwe kuti padziko pano pali munthu wotchedwa Saidi.

"Ndiye achimwene, mukufuna kukadzipereka nokha pa mlandu wopanda wodandaula? Mwasaina zabodza, bwana akamva ndi khalasi. NOC sakupatsani, ndege kulibe. Hawa mumuuza chiyani? Ine kuno ndimameza zambiri tsiku ndi tsiku, inu simungameze chimodzi?"

Sindinawakwiyire. Ankalankhula monga munthu amene wakhala zaka khumi m'nyumba ya eni, wodziwa chimene pakamwa pamachita. Ndinati ndiganiza.

Kuganizako ndi kumene ndikufuna mukuone bwino. Loweruka ndinatenga fomu ya Chidodo ija, ndinakhwatcha 40 n'kulemba 60 pambali pake. Kumbuyo ndinalemba mphindi za filimu zosonyeza phazi lililonse, kuti woona asavutike kufufuza. Sindinatumize. Kumeneko sabata imayamba Lamulungu, ndipo Lamulungu m'mawa a Leandro anandiimbira pa vidiyo monga mwa masiku onse. Anafunsa za umoyo, anafunsa ngati intaneti ikuyenda, ndinati ikuyenda. Pomaliza anafunsa ngati pali china. Pepala linali pa katoni, pafupi ndi dzanja langa. Ndinati palibe, bwana. Lolemba ndinadziuza kuti timu yaikulu ngati ija ili ndi anthu ake ophunzira, singachotse munthu chifukwa cha mawu a mphunzitsi wa ku Balaka. Lachiwiri ndinadziuza kuti mwina mliri utha, sachotsa aliyense. Lachitatu sindinadziuze kanthu, ndinangoonera kanyerere kaja tsiku lonse. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwambi umene ndinkaulemba pa bolodi chaka ndi chaka ndi kumenya ana akaulemba molakwa.

Chimene chinandidzutsa si kulimba mtima ayi. Ndinakumbukira kalata ya mizere itatu ya a Leandro ija, ndipo ndinazindikira kuti nayonso inayambira pa munthu wina amene anakhala penapake ndi pensulo. Lachinayi m'mawa ndinavala tayi, masiki kukamwa, n'kukwera takisi kupita ku West Bay, poti a Leandro anali atayamba kupita ku ofesi okha. Nkhani yotere sindinafune kuinena pa foni. Misewu inali yopanda anthu. Anzanga a pageti anandiyeza kutentha pachipumi, sawatcha panalibe. Mu lifiti ndinali nditavomereza kale kuti potsika ndikhala munthu wopanda ntchito.

Ndinawapeza m'chipinda chathu chopanda windo. Ndinaima chapatali monga mwa lamulo la mliri, ndinaika pepala patebulo, n'kunena zonse motsatana. Kamera ya nyerere sindinaione. Kabokosi ndinachonga monama. Ndinazindikira Lachisanu lapitali. Sanandidule mawu. Anatsegula filimu n'kuonera mipira isanu ya Chidodo. Pa wachitatu anaimitsa, anabwereza, anabwerezanso. Ndinaona kuti mwendo wawo wodwala uja ukugwedezeka pansi pa tebulo nthawi iliyonse mnyamata akanyamuka. Kenaka anatembenuza kompyuta kuti ndione kalata yochokera ku timu, mtundu wa makalata umene sankandionetsa. Inali ya Lachiwiri. Mayina a ochotsedwa anali asanu, ndipo lomaliza linali la Chidodo. Dzina lake lenileni anali Eliezer. Anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, wamng'ono kwa iwe Hawa ndi miyezi yochepa.

Ndinafunsa ngati sangalembe kalata kuti amubwezere. Anati alemba, koma ndisadzinamize. Malo aperekedwa, mapepala asainidwa, mnyamata auzidwa kale. Ndinati ndiye bwana ndibweze laputopu, ndilongedze. Anavula magalasi n'kuwaika pa pepala lija.

"Bambo Saidi, mukanandiuza Lamulungu, pamene ndinakufunsani ngati pali china, ndikanakuchotsani ntchito tsiku lomwelo. Koma pepala ili likanafika nthawi yake, mnyamata akanatsala. Lero kukuchotsani sikupulumutsa munthu. Khalani pansi, pali mafilimu ena."

Ndinakhala pansi. Ndikanakonda akanandikalipira, akanamenya tebulo, akananditchula wabodza, chifukwa zimenezo munthu amadziwa pozilandirira. Iwo anangoyamba kutaipa. Kalatayo anailemba ndili pomwepo. Analembamo kuti ofesi yathu inalakwitsa, dzina langa sanalitchule, anasaina lawo. Timu inayankha patapita masiku, kuthokoza, kunena kuti chigamulo sichisintha. Anatumizanso filimu ya mnyamatayo kwa anzawo akale a m'matimu ena. Onse anayankha chimodzimodzi, kuti chaka chino palibe akulemba munthu, aliyense akuchotsa.

Seputembala 2020 mpaka 2023

Pasanathe miyezi itatu boma la kumeneko linalengeza kuti NOC yatha. Munthu atha kusintha ntchito popanda kalata ya bwana, angopereka notisi. M'fulati mwathu anthu anawerengerana uthengawo mokweza, wina anavina pabedi. Sizinayende msanga monga zinalembedwera, mabwana ena anapitiriza kuuma mutu, koma khomo linali litatseguka. Azakhali anu anayenda ndi mapepala miyezi ingapo, kenaka anachoka ku Fereej Al Murra n'kukalowa ntchito pa hotela ina ku West Bay. Tsiku lawo loyamba lopuma tinakumana pamaso, koyamba chiyambire mliri. Anali atachepa thupi koma akuseka. Anati achimwene mwaona, ntchito muli nayo, Hawa akuphunzira, lamulo lasintha, Mulungu ndi wamkulu. Ndinati eya. Sindinawauze kuti kalata ya NOC ija, imene ndinaopa kumanidwa masiku asanu ndi limodzi aja, tsopano inali pepala wamba, loti akulungire mtedza.

Ndikanatha kuchoka nthawi imeneyo, koma sindinachoke. Ndinakhala m'chipinda chopanda windo chija zaka zina zitatu. Masewero anayambiranso, malipoti anayambiranso. Kamera ya nyerere sindinaidumphenso. A Leandro nkhani ija sanaitchulenso ngakhale kamodzi, moni wawo unali womwe uja. Chimodzi chokha chinasintha. Lipoti langa lililonse likafika, ankatsegula okha filimu ya pamwamba n'kuonera asanasaine, chinthu chimene kale sankachita. Zinkandiwawa, ndipo ndinkadziwa kuti akulondola. Kadziwotche anakwera timu imodzi n'kuima pomwepo, patapita zaka ziwiri naye anamuchotsa. Chaka chilichonse mayina a matimu akatuluka ndinkafufuza la Eliezer, m'matimu aakulu ndi aang'ono, mayiko onse amene amasewera. Sindinalipeze. Kumene ali ndi chimene akuchita sindikudziwa.

Maso atayamba kuvuta ndinapereka notisi, monga lamulo latsopano linkalolera. Tsiku lotsanzika ndinapempha pepala lija. Ndinkayesa anataya kalekale. Anatsegula dirowa yapamwamba n'kulitulutsa osafufuza. Anandigwira dzanja, anati muyende bwino Bambo Saidi, munali ndi diso. Ndinatsika lifiti, anzanga a pageti anandimenyera sawatcha komaliza, ndipo sabata yotsatira mayi anu anandilandira ku Chileka.

Iwe Hawa lero ndiwe namwino, ndipo ndimanyadira. Usadzimve kuti uli ndi mbali pa nkhaniyi, kabokosi ndinachonga ndine. Mukadzalipeza pepalalo musalitaye poyesa ndi la kuchipatala. Nambala yokhwatchidwayo ndi imene inagwira ntchito. Inayo ndi yoona. Ndinailemba Loweruka, mayina anatuluka Lachiwiri, ine ndinafika Lachinayi.